Nambala ya amalume

Uthenga unawapeza amalume ali kudimba, Lachitatu lina mu Seputembala 2024. Foni yawo ndi ija ya mabatani, yomanga ndi mphira kuti batire isagwe. Chizungu amadziwa cha moni ndi cha kuchipatala chabe, choncho ataona kuti mawu achuluka anasamba m'manja, nakwera kumudzi kukapatsa mwana wa neba, mtsikana wa Giredi 8, kuti awawerengere. Mwanayo anawerenga mokweza ngati ali m'kalasi, kenako anamasulira, azimayi atatu amene ankasadzula ndiwo pakhonde akumvetsera.

Uthengawo unali ndi dzina langa lonse ndi nambala ya NRC yanga. Unkanena kuti ndine wakuba, ndinatenga ndalama n'kuthawa. Unkanenanso kuti amalume ndiwo ndinawalemba kukhala ondiimira, ndipo ndikapanda kulipira pofika Lachisanu, chithunzi changa achimwaza kuti aliyense achione.

Anandiimbira madzulo, ine ndili m'babashopu momwe ndimameta anthu kufupi ndi msika wa Kapata, ndikudikira magetsi.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, unandiika liti pa chikole?"

"Chikole chotani, amalume?"

"Ndiye ndikufunsa iweyo. Kuno mudzi wonse wamva kuti ndinalera mbala."

Amalume sindinawalembe paliponse, ndipo mpaka lero ndikhoza kulumbira. Koma sindinganenenso kuti nambala yawo inabedwa. Ndinaipereka ndekha, ndi chala changa, usiku wina ndili gone pabedi, chifukwa cha nsapato.

Zinali zoyera, za chidendene chokhuthala, zimene zikamayenda mumsewu ngakhale oyendetsa njinga za hayala amatembenuka. Ndinaziona pa Facebook, patsamba la munthu wina wogulitsa ku Lusaka amene amatumiza katundu pa basi. Ndinadina kamodzi kokha kuti ndione mtengo: K480. Ndinaseka n'kupitirira. Koma kuyambira tsiku limenelo nsapatozo sizinandisiye. Ndikatsegula foni m'mawa, zilipo. Ndikamaonera zigoli za mpira, zatulukira pansi. Zina zofanana nazo, zakuda, zofiira, zonse zinayamba kundilonda ngati agalu amene anunkhiza nyama m'thumba. Patatha milungu iwiri sindinkadzifunsanso ngati ndikuzifuna. Ndinkangowerengera kuti ndizipeza liti.

Amayi atamva mtengo anaika chipande pansi. "K480 ya nsapato, unga uli mmene uliri chaka chino?" Ndinawayankha mawu amene anyamata tonse a m'komboni timawadziwa pamtima: "Ndalama ndi zanga, amayi. Ndimaimirira ndine tsiku lonse." Sanabwezenso. Anangoti, "Zako ndithu," n'kupitiriza kuomola nsima.

Vuto linali lakuti ndalama zangazo zinali K150.

Mnzanga wina ananditumizira linki pa WhatsApp. Apu ya nkhongole: ndalama m'mphindi zisanu, palibe chikole, palibe mboni. Ndinaiika. Inapempha chithunzi cha NRC, kutsogolo ndi kumbuyo. Inapempha ndidzijambule nkhope. Kenako panayamba kutuluka timabokosi tija timene tonsefe timatidina osawerenga. Ione manambala a m'foni? Allow. Iwerenge mauthenga? Allow. Idziwe pamene uli? Allow. Sipanathe nthawi yowiritsa madzi a tiyi, K350 inalowa. Ndinayenera kubweza K470 pakatha masiku 14. Ndinaona kuti n'zotchipa, chifukwa a kaloba a kuno ukatenga K100 amafuna K150, ndipo amasunga TV yako.

Usiku umenewo ndinagona ndikudzimva mfulu. Sindinapemphe munthu, sindinagwadire aliyense, palibe amene anandifunsa kuti ndalamazo n'zachiyani.

Ndili mwana, pafupi ndi nyumba yathu panali kantemba ka mdala wina wa imvi za m'ndevu. Anali ndi kabuku ka nkhongole, kope la kusukulu lopindika m'makona, ndi bolopeni yomangirira ku msomali. Amayi akandituma opanda ndalama ndinkangoti, "Akuti mulembe." Iye ankalemba: pamela imodzi, mafuta a K2, kandulo, sopo wodula pakati.

Ndakhala ndikuganiza za kabuku kameneka, chifukwa mdala uja ankatidziwa kuposa abusa. Ankadziwa mwezi umene tasiya kugula thumba la unga n'kuyamba kudya za pamela. Ankadziwa kuti kwabwera alendo akaona shuga ndi mabanzi Loweruka. Atate atachoka pakhomo, iye anadziwa aneba asanadziwe, chifukwa ndudu ziwiri za tsiku lililonse zinaleka kulembedwa. Zimene makampani lero akuzitcha data, mdala uja anali nazo zonse, ndipo ankazigwiritsa ntchito pa malonda ake. Ankadziwa woyenera kumukongoza ndi woyenera kumuuza kuti bolopeni yatha inki. Ankaoda zimene akudziwa kuti tigula. Mwezi ukatha ankaika maswiti patsogolo penipeni, pamene maso a mwana amafika.

Koma nafenso tinkamudziwa. Tinkadziwa mkazi wake, tchalitchi chake, mwana wake amene analephera Giredi 9 kawiri. Tinkadziwa kuti botolo lake loyezera mafuta n'lophwanyika pansi mwadala, ndipo amayi ankamuuza pamaso. Akanafuna kutichititsa manyazi akanayamba waganiza kaye, chifukwa mkazi wake ndi amayi ankakhala pa mphasa imodzi pamaliro. Ndipo kabuku kake kankaiwala. Ukalipira ankadula mzere iwe ukuona, tsamba likadzaza ankaling'amba n'kukulungiramo mabanzi. Nkhongole ya banja lathu ya chaka chonse inathera m'mbaula.

Foni siing'amba tsamba. Kuyambira pamene bungwe la ZICTA linalamula kuti SIM iliyonse ilembetsedwe, ndipo zosalembetsa zinayamba kutsekedwa kumayambiriro kwa 2014, nambala ya munthu ndi dzina lake zinakhala chinthu chimodzi. Kenako ndalama zinasamukira m'foni. Yendani kuchokera ku Kapata kufika ku Down Shops muwerenge ma booth achikasu, ofiira ndi obiriwira; mutopa musanafike. Tikagula mayuniti a magetsi, tikatumiza ya chilimba, tikabetcha timu Loweruka, tikatumizira chibwenzi ya tsitsi, pamabwera kauthenga konena ndalama zimene zatuluka, kumene zapita, nthawi yake, ndi zimene zatsala. Timauthenga timeneti sitifafaniza. Ine ndinali nato ta zaka zitatu. Pamene ndinadina Allow pa mauthenga, ndinapereka kabuku kanga konse kwa munthu amene sindidziwa ngakhale dziko limene amagona.

Sindikufuna kunama kuti kukongola pafoni n'koipa konse. Kongola ya MTN ndi Na Sova ya Airtel, zimene zinabwera mogwirizana ndi kampani yotchedwa JUMO, zimaona mmene munthu amagwiritsira ntchito foni ndi mobile money yake, n'kuganiza ndalama zimene zingamukongoze. Mayi wogulitsa tomato amene alibe payslip, amene banki singamupatse ngakhale mpando, amapeza ya oda 5 koloko m'mawa n'kubweza madzulo. Ndawaona ambiri pamsika pano, ndipo ana awo akupita kusukulu. Kwa iwo, kudziwika ndi makina n'kumene kunawatsegulira khomo limene anthu ovala mataye anawatsekera. Apu imene ndinatenga ine sinali ya makampani amenewa. Inalibe ofesi, inalibe booth, inalibe nkhope. Koma chakudya cha zonsezi n'chimodzi: mapazi amene timasiya tikamagula.

Masiku 14 anatha ndili ndi K210. Chinali chaka cha chilala chija chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo makina ometera sayendera pemphero. Makasitomala ankasuzumira pakhomo, n'kuona mdima, n'kupita kwa amene ali ndi sola. Tsiku loyamba kuchedwa, apu inanditumizira uthenga waulemu. Lachiwiri anaimba kasanu ndi kawiri, nambala zosiyanasiyana, mawu a mtsikana wotopa amene ankaoneka kuti akuwerenga papepala. Nkhongole inkakwera tsiku lililonse. Ndinazimitsa foni. Ndinaganiza kuti ndikabisala masiku atatu ndipeza ndalama, nkhani ithe popanda wina kudziwa.

Tsiku lachisanu analowa m'manambala anga.

M'foni mwanga munali manambala 312. Ndinawerenga pambuyo pake, mmodzimmodzi, ndikuyesa kuganiza amene walandira. Sanatumizire onse. Anasankha, ndipo kasankhidwe kake n'kamene kanandiziziritsa m'mimba. Anatumizira amene ndinawalemba kuti Amalume, Amayi, Abusa, ndi mayi wa mtsikana amene ndinkayenda naye, amene mwa kupusa kwanga ndinali nditawalemba kale kuti Apongozi. Wina, kapena china, anakhala pansi n'kuona kuti mwa anthu 312 ndi ati amene maso awo sindingathe kuwapirira.

Mnzanga amene anandipatsa linki uja amakonda kunena kuti, "Ine ndilibe chobisa, atenge zonse." Nanenso ndinkatero. Mnyamata wa m'komboni, wa K150 m'foni, angabedwe chiyani? Timaganiza kuti chinsinsi n'cha anthu olemera ndi andale. Koma munthu amene alibe nyumba kapena galimoto yoti apereke chikole ali ndi chinthu chimodzi chimene angalandidwe: mmene abale ake amamuonera. Apu ija inanena zoona kuti sifuna chikole cha katundu. Inali itatenga kale china.

Chimene chimandivuta kwambiri si manyazi anga. Amenewo ndinawagula ndekha. Chimandivuta n'chakuti manambala aja sanali anga. Amalume sanagulepo kanthu pa intaneti chibadwire. Sanadinepo Allow. Nambala yawo anandipatsa ine, mwana wa mlongo wawo, kuti kukagwa maliro kapena matenda ndiwaimbire. Abusa anandipatsa yawo pamene ndinkafuna kalata ya ntchito. Munali nambala ya kasitomala amene amabisala kwa mwamuna wake wakale, amene anandipempha kuti ndisapatse munthu aliyense. Munalinso ya mnzanga amene anamwalira mu 2022, imene ndimalephera kuifafaniza. Onsewa ndinawanyamula ngati nkhuku za eni ake n'kukawagulitsa K350, ndikunena kuti ndalama ndi zanga.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti zoterezi zinachitikapo pa anthu ochuluka zedi. Mu 2018 kunaphulika nkhani ya kampani ya Cambridge Analytica. Anthu pafupifupi 270,000 anayankha timafunso ta masewera pa apu ina ya pa Facebook, koma apuyo inatenganso zambiri za anzawo, mpaka anthu amene anakhudzidwa anafika pafupifupi 87 miliyoni. Mmodzi amavomera, mudzi wonse n'kulowa m'thumba. Za ma apu a nkhongole nazonso zinafika poipa m'mayiko ambiri moti mu Meyi 2023 Google inaletsa ma apu otere a pa Play Store kuona manambala ndi zithunzi za m'foni ya munthu. N'chifukwa chake yanga ija inabwera ngati linki ya pa WhatsApp. Inadutsa kuseri, ndipo foni itandichenjeza kuti chinthuchi sichikudziwika kumene chachokera, ndinadina kuti ipitirize.

Pali funso limene ndalimbana nalo miyezi yambiri: kodi nsapato zija ndinasankha ndine? Mbali ina ya mtima imati inde, ndipo ndimafuna iziteronso. Palibe anandigwira dzanja. Sindifuna kukhala ngati aja amene akaledzera amati ndi Satana. Munthu ali ndi ufulu wogula chinthu chopusa ndi thukuta lake. Ngakhale amayi ali ndi mbale za galasi m'kabati zimene sitinadyerepo. Moyo wa m'komboni ukangokhala unga, makala ndi lendi, munthu umauma.

Koma kumudzi ndinaphunzira kutchera mbewa. Wotchera wodziwa sathamangitsa mbewa. Amadzuka m'mawa kukaona mpita, kanjira kamene imadutsa usiku uliwonse, n'kuika diwa pomwepo, ndi kanshawa kamodzi. Mbewa imabwera ndi miyendo yake. Mukanaifunsa, ikanati yasankha yokha. Ndikayang'ana foni yanga tsopano ndimaona kuti mpita wanga unadziwika kalekale. Uthenga wa nkhongole umabwera ndalama zikatsala pang'ono kutha, osati ndikangolandira. Wa kubetcha umabwera mpira ukayandikira. Bundle ikatha pakati pa vidiyo, kabokosi kondikongoza ina kamakhala kafika kale. Kodi zimenezi ndi mwangozi, kapena pali makina amene amawerenga? Pa zina ndikhoza kukhala ndikulota, koma nsapato zija sizinandilondole milungu iwiri mwangozi: wogulitsa amalipira Facebook kuti ionetse katundu wake kwa anthu amene aonetsa kale chidwi. Ndinasankha ndine, inde. Koma amene anayala zoti ndisankhepo ankandidziwa bwino, pamene ine sindidziwa ngakhale dzina lake.

Amalume anabwera Loweruka, pa njinga yamoto, atavala jekete lawo la kutchalitchi m'kutentha kwa Seputembala. Kwathu ku Chichewa amalume ndiwo mwini mbumba. Mlandu wa mwana wa mlongo wawo ndi wawo. Anakhala pampando, amayi pamphasa, ine pachidina cha mtondo. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Zatsala zingati?"

"Zafika K560, amalume. Ndili ndi K300."

Anatulutsa kapulasitiki ka shuga m'thumba la mkati. Munali K260. Ndinadzamva kwa amayi kuti anagulitsa nkhuku zitatu, m'chaka chimene nkhokwe inali yopanda kanthu.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna," anatero. "Ukanabwera kwa ine, ndikanakunyoza tsiku limodzi, nkhani n'kuthera m'nyumba. Tsopano lipira pano ndione."

Ndinalipira iwo akuyang'ana. Kauthenga kanalira. Anagwedeza mutu, kenako anafunsa funso limene sindinaliyembekezere.

"Nanga nambala yanga abweza?"

Ndinayamba kufotokoza kuti nambala si ngati njinga, kuti ikapita imakhala kuno ndi uko nthawi imodzi. Ndinaona kuti ndikungodzaza mawu. Ndinati, "Sabweza, amalume."

"Ndiye walipira chiyani?"

M'mawa mwake apu inanditumizira uthenga wa chisangalalo. Inati ndine kasitomala wabwino, ndipo tsopano ndikhoza kutenga mpaka K600.

Ndinaichotsa m'foni. Kenako ndinayamba kufufuza ngati pali lamulo, ndipo lilipo. Data Protection Act, lamulo nambala 3 la 2021, limati zambiri za munthu zisatengedwe kapena kugwiritsidwa ntchito mwachisawawa, ndipo limapatsa munthu mphamvu yofunsa kampani zimene ikusunga za iye, yokana kuti zigwiritsidwe ntchito pomutsatsa malonda, ndi yopempha kuti zifafanizidwe. Linakhazikitsanso ofesi ya Data Protection Commissioner yolandira madandaulo. Ndi lamulo labwino, ndipo anyamata ambiri amene ndimawameta sanalimvepo. Ndinalemba kalata ku adiresi ya imelo imene inali pa apu, ndikutchula lamuloli, Chizungu changa chonse cha Giredi 12 ndinachithira mmenemo. Ndinapempha kuti afafanize manambala 312. Mpaka pano sanayankhe. Mdala wa kantemba ukakangana naye unkadziwa chitseko chogogoda.

Mwezi wa Okutobala ndinayesa kukhala wa ndalama za m'manja zokhazokha. Ndinapirira masiku 11. Theka la makasitomala amalipira pafoni, ndipo ukawauza kuti ufuna kashi amakuyang'ana ngati wabwera kuchokera ku Fort Jameson. Ukapita kukatapa pa booth umadulidwa, ndipo pa ma booth ena umalemba nambala yako ndi kusaina m'buku lotsegula limene aliyense wobwera pambuyo pako akhoza kuwerenga. Mayuniti a magetsi akatha usiku suyenda wapansi kukafuna wogulitsa. Ndinabwerera. Ndikanama ndikanena kuti ndinasiya foni; nkhani ino ndailemba pa foni yomweyo, pa bundle ya usiku.

Zimene zinasintha ndi zazing'ono. Ndinalowa m'ma settings n'kuona ma apu amene ndinawalola kuona manambala anga: analipo 14, kuphatikizapo tochi. Tochi ikufuna nambala ya abusa ya chiyani? Ndinatseka onse kupatula awiri. Timauthenga ta ndalama ndimafafaniza Lamlungu lililonse, ngakhale ndikudziwa kuti kwinakwake kope lake lilipo. Ndiwo, makala ndi tomato ndimagula ndi kashi pamsika, kwa mayi amene amandiikira mbasela ndipo amandifunsa za amayi. Munthu akandipempha nambala ya wina, ndimayamba ndamuimbira mwini wake. Anzanga amandiseka kuti ndakalamba. Mtsikana uja tinasiyana. Mayi ake sananene kanthu, anangosiya kundiyankha moni.

Pa Khirisimasi ndinapita kumudzi, njira ya ku Chadiza, nditanyamula shuga, mchere ndi K260 mu envulopu. Mvula inali itagwa usiku. Ndinatsika pamsewu n'kuyenda m'matope ofiira, ndipo pofika pakhomo nsapato zinali zitasintha mtundu. Ndinazivula pakhonde. Amalume anabwera kuchokera kumunda khasu lili paphewa, analandira envulopu osaitsegula, kenako anatola nsapato imodzi.

"Ndi zimenezi?"

"Ndi zimenezo, amalume."

Anaitembenuza, nayang'ana pansi pake pamene panali patayamba kale kumatuka, naidina ndi chala chachikulu ngati akuyesa papaya. Sananene kanthu. Foni inalira m'thumba la malaya awo. Anaitulutsa, anaiyang'ana patali, n'kundipatsa.

"Tawerenga. Mwana wa neba ndinasiya kumutuma. Akuti chiyani lero anzako aja?"

Ndinawerenga. Nambala yachilendo, dzina la kampani lachilendo. Ankawatchula dzina limene ndinawalemba ine m'foni mwanga.

"Akuti, okondedwa Amalume, mwasankhidwa. Mukhoza kutenga K500 lero, palibe chikole."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anabweza nsapato pansi, natenga khasu lawo.

"Uwauze kuti ndili kumunda."